Ndime Imene Sinakwane M'mbale

Ndikakhala pakhonde masana, dzuwa litakhwima pamalata, ndimatha kutseka maso n'kubwerera. Chimayamba kufika ndi fungo: malasha onyowa, matope a mumtsinje, ndi nsomba zouma zimene anthu a ku Chanyanya ankadutsa nazo panjinga. Kenako ndimamva pampu ikugunda. Bambo anga ankagwira ntchito pa pampu ya njanji kuno ku Kafue, yokoka madzi mumtsinje kukadzaza thanki imene sitima zinkamwapo. M'zaka za Chitaganya zija, Kafue anali katauni ka mzere umodzi wa masitolo, siteshoni, ulalo ndi komboni yathu ya anthu a njanji. Kumene kuli mafakitale lero kunali udzu wobisa munthu woimirira, ndipo dzinja likafika chigwa chonse chinkasanduka madzi mpaka pothera maso.

Bambo anachoka ku Nyasalande ali mnyamata ndipo zaka zonsezo anali asanabwerereko. Anthu otere amatchedwa matchona. Liwu limeneli ankadana nalo, koma analibe polikanira. Mayi anga anawapeza konkuno, nawonso mwana wa mtchona. Ine ndinabadwira m'nyumba ya njanji ya zipinda ziwiri, mwana mmodzi yekha amene anakula, ndipo bambo anandipatsa dzina la mayi awo amene anawasiya kumudzi. Chifukwa cha dzinalo sankanditchula ngati mwana. Ankati, "Amayi, tandipatsani madzi," ine ndili ndi mamina pamphuno, ndipo ndinkayenda ndi chikho chija monyada, osataya ngakhale dontho.

Chakwawo chimene bambo anali nacho chinali bangwe. Kwa amene simunamuonepo, bangwe ndi kathabwa kotalika ngati mkono, kokungidwa mawaya asanu ndi awiri, mbali imodzi kolowetsedwa m'chigubu kuti mawu azimveka. Chigubu cha bambo chinali cha palafini, ndipo anamangirirapo zitsekerero za mabotolo zimene zinkanjenjemera akamaimba. Lamulungu lililonse, tikabwera ku tchalitchi n'kudya, ankakhala kuseri kwa nyumba kumene kunali mthunzi, msana kukhoma, maso kumtsinje, n'kuyamba kukunga mawaya. Kukunga kokhako kunkatenga nthawi yoti munthu n'kusesa bwalo lonse.

Nyimbo anali nazo zingapo, koma imodzi inali yopeka okha. Inalibe dzina. Ife tinkangoti ya chimanga. Inkanena za mnyamata wotsanzika mayi ake pakhomo, kathumba paphewa, ndipo ndime iliyonse inkathera pa mawu omwewo:

Ndibwera, amayi, ndibwera,
chimanga chikamasula ndibwera.

M'kati mwake munali zoseketsa. Mnyamatayo amagula nsapato zake zoyamba n'kumazinyamula m'manja kuopa kuti zingathe. Amaona mtsinje waukulu n'kufunsa ngati ndiyo nyanja imene azungu anawoloka. Mtsikana wina pachitsime amaseka chipewa chake, iye n'kuganiza kuti wamukonda. Mayi anga pamenepa ankati, "Ndinkaseka chipewa basi," osakweza mutu pa zimene akusoka.

Nyimboyo sinkayenda mofanana kawiri. Tsiku lina inkatha msanga, tsiku lina inkatalika mpaka mthunzi wa nyumba kufika pampanda. Sitima ikalira pa ulalo bambo ankaidikira, chala chikungokanda waya umodzi, mpaka ithe kuwoloka. Liwiro lake linali la pampu imene ankakhala nayo sabata yonse, losafulumira, losaima. Ine ndinkagona chagada pamphasa, kuyang'ana akakowa akudutsa kumwamba, osadziwa ngati ndili maso kapena ndikulota. Ndiye panali ndime yomaliza. Imeneyo sankaiimba masiku onse. Akafuna kuiimba ankaweramitsa mutu mpaka pakamwa kufika pafupi ndi chigubu, mawu n'kutsika, kusakanikirana ndi kunjenjemera kwa zitsekerero zija. Ndinkangotolapo mawu awiri, "chamasula kangati," ena onse ankathera m'chigubu. Ikayamba ndimeyo mayi ankadzuka kukayang'ana nkhuku. Sindinafunsepo chifukwa chake, poti mwana safunsa chimene amachiona sabata ndi sabata.

Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu kunabwera msuweni wanga, mwana wa mlongo wawo wa bambo. Anatsika sitima ndi sutikesi ya katoni ndi gitala yokulunga m'bulangete, munthu wamkulu kale, wa ndevu za pamlomo zodulidwa bwino, wodziwa kuti akazi akumuyang'ana. Tsiku loyamba lomwelo ananditcha mkazi wake, monga amachitira asuweni, ine n'kumuyankha kuti mwamuna wa miyendo ngati ya kakowa sindingamuphikire. Bambo anamupezera ntchito yotsuka mabogi, ndipo anakhala nafe zaka ziwiri.

Lamulungu ankakhala pafupi ndi amalume ake, gitala pamwendo, kumatsata. Zala zake zinali zachangu ndipo kudikira kunkamuvuta. Bambo akaima kuti sitima iwoloke, iye ankadzaza mpatawo ndi tinthu take, bambo n'kumangomuyang'ana cham'mbali. Kenako msuweni wangayo anapeza ntchito kuhotela ku Lusaka. Ananyamuka ndi sutikesi yake ija, atavala jekete la bambo limene sanapemphe. Palibe amene anadabwa. Kwathu mwana wa mlongo wako akavala jekete lako sunganene kuti waba. Ndi mbumba yako, zako ndi zake, ndipo ukadandaula anthu amaseka iwe. Chimene sitinadziwe n'chakuti pamodzi ndi jeketelo anatenganso nyimbo.

Patapita chaka ndi miyezi, Loweruka lina masana, ndinkachokera kumsika ndi dengu pamutu. Pakhonde la sitolo ina pankakhala telala wobwera kumene kuchokera kumigodi, amene anali ndi galamafoni. Akaweruka Loweruka ankaiika patebulo lake lodulira nsalu, kuipukusa, n'kuikapo mbale zake zakuda zija za nyimbo, ndipo anthu ankasonkhana mumsewu. Tsikulo ndinamva gitala ndikadali patali, yothamanga, ndi botolo likugogodwa ndi msomali. Miyendo yanga inayamba kutsata ndisanadziwe chimene ndikumva. Kenako mawu a msuweni wanga anatuluka m'kabokosi kaja, aang'ono, ngati akuimbira kutsidya kwa mtsinje: ndibwera, amayi, ndibwera. Ndinaima pakati pamsewu. Zinali ngati kukumana ndi mayi ako atavala diresi la dona ndi nsapato zazitali, ukuwadziwa ndithu koma ukuchita manyazi kuwapatsa moni.

Nyimbo inatha ndi kugunda katatu kwa gitala, singano n'kuyamba kukanda. Ndinakankha anthu mpaka kufika patebulo.

"Ni nyimbo ya batate banga iyi," ndinatero, m'kalankhulidwe ka ife obadwira kuno.

Telala anachotsa mbale ija mosamala, naiyandikiza kumaso kwanga, chala chili pa kapepala ka pakati. "Zina yao ili kuti apa? Belenga."

Ndinawerenga. Panali dzina la msuweni wanga lokha.

"Ba mdala ba ku pampu nabamvelako," anatero telala. "Bayesako, koma sibaiziba bwino. Baikoka maningi monga ni pa malilo. Ukabauze babwele bamveleko mwamene iyendela."

Ndinapsa mtima kwambiri. Koma ndisaname, ndinadikira kuti aiikenso.

Mwezi umenewo komboni yonse inasanduka bwalo la milandu, ndipo aliyense anali woweruza. Amayi a pampopi ankati ya m'mbale ndiyo nyimbo, chifukwa umatha kuchapa nayo, pamene ya bangwe ukaitsata zovala ungayanike mawa. Madoda ochokera ku Nyasalande, anzawo a bambo, ankati mwanayo waithamangitsa nyimbo ngati akuthawa amsonkho, ndipo mawu ena wawameza. Koma madoda omwewo Loweruka unkawapeza kwa telala, ati akudikira mathalauza awo. Mkulu wa mpingo anati gitala imagwedeza ziuno za atsikana, choncho ya bangwe ndiyo yoyenera, koma ankanena zimenezi phazi lake likugunda pansi lokha. Msodzi wina wa Chitonga, amene mawu a nyimboyo sankawamva n'komwe, anauza bambo kuti ya m'bokosi ndi ya popita kumadzi, yawoyo ndi ya pobwerako wopanda nsomba. Sindikudziwa ngati kunali kuyamika, koma bambo anaseka.

Ambiri, makamaka obwera kumene, sankakhulupirira n'komwe kuti bambo ndiwo anaipeka. Kwa iwo chimene chalowa m'makina ndicho chenicheni, china chonse n'chotengera. Ana ankadutsa kuseri kwathu Lamulungu n'kumati, "Ba mdala baimba ija ya kwa telala." Ndaganizira zimenezi zaka zambiri. Ena amati khutu limakonda chimene layamba kumva, koma ine ndinayamba kumva ya bambo ndili kumsana, ndipo sizinandithandize. Ndikuganiza kuti mbale inapambana chifukwa sinkasintha. Ukaimva kasanu waidziwa yonse, mpaka pamene singano imadumpha, ndipo ukaidziwa umayamba kuona ngati ndi yako. Ya bambo inali yosagwirika, lero yotere mawa yotere. Kale palibe amene akanawauza kuti alakwitsa, poti panalibe choyezera. Tsopano choyezera chinalipo, chili m'kathumba ka pepala kwa telala.

Bambo anapita kukaimva kamodzi kokha. Anaima kutsidya kwa msewu, chipewa m'manja, mpaka kugunda katatu kuja. Pobwera anangoti, "Zala ali nazo mwanayu." Ananena kuchokera pansi pa mtima, kunyada kunkaoneka pankhope. Mayi ndiwo sanabise mawu. "Watenga nthenga, nkhuku waisiya," anatero. Bambo anati, "Ndi mwana wa mlongo wanga," nkhani n'kuthera pomwepo.

Nthawi imeneyo n'kuti ndikufunsiridwa ndi munthu wina wogulitsa nsomba, amene ankapalasa njinga kuchokera ku Chanyanya kawiri pa sabata, Lachiwiri ndi Loweruka. Loweruka ankatsamiritsa njinga pamtengo pafupi ndi sitolo, ndipo tinkavina mufumbi, motalikirana ndithu kuti mkulu wa mpingo asapeze chonena. Nyimbo ya msuweni wanga ndiyo inali yathu. Ndinkadzuka nayo, kutunga nayo madzi, kusinja nayo. Akati "ndibwera" ine ndinkamva za Lachiwiri, ndinkaona njinga ija ikutulukira m'udzu, dengu kumbuyo, belu likulira. Mayi a m'nyimbomo sindinkawaganizira n'komwe.

Lamulungu lina bambo anali kuseri monga mwa masiku onse, ine ndikusankha nyemba pafupi nawo, ndikuimba nawo chapansipansi. Atafika pa mtsikana wa pachitsime anachedwa, monga ankachedwera kuyambira ndisanabadwe, ine n'kupezeka ndili patsogolo ndekha. Zinandinyansa. Mawu anatuluka ndisanawayeze.

"Batate, mwalakwisa. Siyenda so."

Zala zawo zinaima. "Imayenda bwanji, amayi?"

Munthu wanzeru akanamva funsolo n'kukhala chete. Ine ndinaika lichero pansi n'kuwaimbira yonse monga ya m'mbale, ndikuwomba m'manja, mpaka kugunda katatu. Anamvetsera mpaka kumapeto. "Oho," anatero. Mayi anali ataima pakhomo, ndipo mmene anandiyang'anira ndimakumbukirabe kuposa mbama iliyonse imene anandimenyapo.

Ukwati wathu unachitika chilimwe chotsatira. Anamanga chisakasa cha udzu pabwalo, anthu a ku Chanyanya anabwera ndi madengu a nsomba, ndipo msuweni wanga anatsika sitima ya m'mawa atavala jekete loyera, ana akumuthamangira pambuyo. Dzulo lake ndinali nditapempha bambo kuti adzaimbe ya chimanga, n'kuwonjezera kuti, "Koma mufulumizeko, monga ya mu mbale, bantu bavine." Anavomera ndi mutu.

Titadya, dzuwa litapendeka, anthu anayamba kufuula kuti akufuna kumva onse awiri, amalume ndi mwana wa mlongo wawo, kuti lero zidziwike. Anaika mpando pakati. Bambo anayamba, poti ndiwo akulu. Asanamalize n'komwe mzere woyamba manja anayamba kuwomba, koma ankawomba ya kwa telala. Manja a anthu ochuluka chotero sungalimbane nawo ndi mawaya asanu ndi awiri. Ndinaona bambo akuyesa kuwabweza, kenako akugonja, akuthamangira pambuyo pa nyimbo yawo yomwe, thukuta likutsikira m'kolala. Anthu ankaimba okha, mawu a msuweni wanga, osawadikira. Itafika pamene mbale imathera bwalo lonse linawomba katatu, amayi n'kululuta, anthu n'kutembenukira kwa wa jekete loyera.

Ine ndinakhala moyang'anizana nawo, ndipo ndinaona chimene ena sanaone. Bambo anali asanamalize. Anaweramitsa mutu ku chigubu, milomo n'kuyamba kuyenda. Anakweza maso kamodzi kundiyang'ana. Gitala inali itayamba kale, mwamuna wanga anandigwira dzanja, ndipo ndinapita kukavina. Palibe amene anandikoka mwamphamvu. Ndinapita ndekha, ndikudziwa, ndipo ndinavina bwino kwambiri. Pobalalika anthu anagamula kuti wa gitala wapambana, ngakhale anati nawo a mdala ayesetsa.

Kuyambira tsiku limenelo bangwe anakwera pamtanda wa denga ndipo sanatsikenso. Ine ndi mwamuna wanga tinkakhala kutsidya kwa njanji, ndipo Lamulungu ndinkabwera kudzawaona. Ndinkawapeza pamalo pomwe paja, msana kukhoma, maso kumtsinje, manja ali pamaondo. Sanandikalipire, sanaleke kunditchula amayi. Akanandikalipira bwenzi zitandipepukira. Ndikati, "Batate, bangwe?" ankati mawaya achita dzimbiri. Ndikati tipeza ena, ankati zala zauma. Ndinkabwerera kwanga ndi mtima wolemera, chifukwa ndinkadziwa kuti si dzimbiri, ndine. Mwana wanga woyamba anabadwa, nayamba kuyenda, osamvapo agogo ake akuimba.

Msuweni wanga atabwera kudzacheza tsiku lina, ndinamufunsa chifukwa chake anasiya ndime yomaliza.

"Mkazi wanga, kojambulira kuja kuli nyali yofiira," anatero. "Ikayaka umaleka. Mbale si Lamulungu la amalume loti lilibe malire. Ndinaithamangitsa kuti ndime zitatu zikwane." Anayamba kusewera ndi chipewa. "Komanso ndime imeneyo sindinaimvepo bwino. Amaimbira m'chigubu. Iwe unaimva?"

Ndinapukusa mutu. Tonse awiri tinakhala pafupi ndi nyimboyo zaka, koma tinkaidziwa mofanana ndi telala.

Chitaganya chili pafupi kutha, a njanji anapumitsa bambo ntchito chifukwa cha ukalamba, ndipo nyumba inayenera kubwezedwa. Anthu ambiri a ku Nyasalande ankabwerera kwawo masiku amenewo. Bambo, amene anazengereza moyo wawo wonse, anangodzuka tsiku lina n'kunena kuti akupita, ndipo mayi anavomera kutsagana nawo kudziko limene anali asanalionepo. Ndinapita kukathandiza kumanga katundu m'mawa wina nyengo yozizira, nkhungu ikadali pamtsinje, ulalo ukuoneka theka ngati ukulendewera m'mwamba. Nditakwera pampando kuti nditsitse mphasa zakale, dzanja langa linagunda chigubu. Zitsekerero zija zinalira. Mayi anamva ali panja. "Bangwe ameneyo bambo ako akuti atsala," anatero.

Ndinamutsitsa n'kumupukuta fumbi ndi mwaye. Mawaya awiri anali ataduka. Mwamuna wanga anamasula waya wa mabuleki a njinga yake n'kundipatsa. Ndinapita nazo kuseri kumene bambo anakhala, n'kuziika pamiyendo pawo. Ndinali ndi mantha kuti azikankhira pansi. Anayang'ana bangweyo nthawi yaitali. Kenako anayamba kulowetsa waya m'mabowo, ndipo ine ndinakhala pansi kudikira monga kale.

Atayamba kuimba mtima wanga unagwa. Inali ya m'mbale. Anaithamangitsa bwinobwino, osadikira kanthu, ndime zitatu, n'kugunda katatu, n'kuika dzanja pamawaya.

"Ndi imene mumaikonda, amayi," anatero. Sanali kundinyoza. Ankandipatsa chimene ndinapempha.

"Ikalibe kusila, batate."

"Yatha. Funsani aliyense."

Kupepesa ndi pakamwa kwa bambo ako sikunali m'chizolowezi chathu, ndipo ngakhale kukanakhalapo, mawu ake ndinalibe. Ndinali ndi mawu awiri okha, amene ndinatola ndili mwana pamphasa. Ndinawaimba, ndipo poti sindinkadziwa chotsatira, ndinalumikiza chimene ndinkadziwa: chamasula kangati, chamasula kangati, ndibwera, amayi, ndibwera.

Bambo anapukusa mutu.

"Mwalakwitsa," anatero. "Pamenepo palibe ndibwera."

Tinayang'anana. Kumbali kwa mlomo wawo kunagwedezeka pang'ono. Kenako anabweza waya umodzi, zala n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, mwakale muja. Sitima ya katundu inalira pa ulalo m'nkhungu, ndipo anaidikira mpaka inatha kuwoloka. Ulendo uno sanaweramire ku chigubu. Anayang'ana ine.

Chamasula kangati, amayi, chamasula kangati?
Kalata yafika, akuti m'munda mwamera tsekera.
Khasu lanu akuti lili pakhomo pomwe munalisiya.
Ndikatsika sitima, ndidzati odi kwa yani?

Inathera pomwepo, popanda kugunda katatu. Waya womaliza unangolira mpaka kuzimirira wokha. Manyazi ndi chisoni zinandigwira pamodzi. Zaka zonsezi ndinkavina pa maliro a agogo anga, mayi amene ndinatenga dzina lawo. Ndipo tsiku la ukwati wanga, pamene nanenso ndinkachoka pakhomo, bambo ankafuna kundiimbira zimenezi ine n'kuwapatsa msana. Ndinalira ngati mwana. Mayi, amene nthawi zonse ankathawira ku nkhuku, tsiku limenelo anaima pakona pa nyumba mpaka kumapeto.

Bambo anadikira kuti nditonthole. Kenako anaimbanso ndimeyo, kachiwiri, kachitatu, ine ndikutsata, akundibweza ndikathamanga, mpaka anakhutira. Ananyamula bangwe n'kumuika pamiyendo panga.

"Mwa mwambo ameneyu ndi wa msuweni wanu," anatero. "Koma iye anatenga kale zimene mbale inatha kunyamula. Chotsalachi sichinakwane, ndiye ndi chanu."

Anakwera sitima Lachinayi lotsatira, bambo atavala chipewa, mayi atagwira nkhuku imodzi m'dengu. Ndinawalembera kawiri kuti ndibwera kudzawaona tikakolola. Chaka choyamba ndinali ndi pakati, chachiwiri mwana anadwala. Kalata yachitatu inachokera kwa mayi, ndipo sindinafunikire kuitsegula kuti ndidziwe.

Mbale ya telala inasweka kalekale, koma nyimboyo sinafe. Anyamata ena anadzaijambulanso ndi magitala amagetsi, yothamanga kuposa ya msuweni wanga, ndipo nkhalamba za kuno zimati aiwononga, yeniyeni inali ya kwa telala. Ndimangozimvera. Bangwe ndilibe luso lomuimba, koma ndimatha kukanda waya umodzi. Adzukulu anga akandipeza ndikuimba pakhonde amati, "Ambuya, mwalakwisa, siyenda so." Sindiwakalipira. Ndimawauza kuti akhale pansi adikire, pali ndime ina. Mpaka pano sanapezeke wodikira, koma Lamulungu lililonse ndimaiimba mpaka kumapeto.